Tsiku Limene Makina Anafunsa Ngati Mayi Anu ndi Munthu

Tadala, tuluka kuseri kwa kholako, ndakumva kale. Maso angawa ndiwo akutha, koma makutu akadali a mnyamata. Unawauza chiyani mayi ako m'minibasi muja pobwera kuno? Eti unati, "Amama, tazimitsani foni yanuyo, ikungolongolola, anthu akutiyang'ana." Usakane, Yamikani wandiuza zonse, ndipo sindinachite kumufunsa. Manyazi eti? Iwe wobadwa dzulodzuloli, manyazi ukuwadziwa? Khala apa pabenchi. Inunso awiri, Yamikani ndi Chisomo, siyani nandoloyo, sathawa. Mawu amene amatuluka m'foni ya mayi anuwo ine ndinawamva koyamba inu kulibe, ndipo tsiku limenelo ndikaliganiza thupi limandichitabe tsemwe.

Ine sukulu sindinaiponde. Anzanga akamapita kukaimba a, e, i, ine ndinali m'munda wa fodya pa esiteti kutola mbozi, chifukwa bambo anga ankati Mlomwe amadya thukuta, sadya choko. Umisiri wa matabwa ndinauphunzira ndili wamkulu kale, kwa mkulu wina pafupi ndi mishoni ya Nguludi. Nthawi imeneyo thabwa silinkagulidwa lopalapala ngati lero. Tinkakumba dzenje n'kugoneka chipika pamwamba pake, wina kulowa pansi wina kuima pamwamba, sowo yaitali pakati, utuchi wonse kumagwera wapansiyo m'maso ndi m'kamwa. Wapansiyo ndinali ine. Mwina n'chifukwa chake mawu anga ndi okhakhala, pakhosipa panatsalira utuchi. Chimene ndinaphunzira kuwerenga ndi tepi basi. Manambala ndimawadziwa, ndi m'Chizungu momwe, wani, thuu, firii, koma zilembo kwa ine ndi mapazi a nkhuku pafumbi. Sindinabisepo zimenezi, mudzi wonse unkadziwa kuti kalipentala amasainira chala.

Kuno ku Kadewere ndinabwera chikamwini. Inu a m'tauni chikamwini mumangochimva m'nyimbo. Munthu umasiya kwanu, n'kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi, kulima munda wa eni, kubereka ana a eni. Mwini wa mbumba yonse anali a Daitoni, achimwene awo a agogo anu aakazi. Benchi langa ndinaliika pansi pa mtengo wa mango uwu chifukwa iwo analola. Musawaganizire kuti anali munthu woipa, ayi. Chaka cha njala anagulitsa njinga yawo kuti ana a alongo awo adye makaka. Kungoti akanena chinthu, chanenedwa. Ndipo ine ndinkadziwa malo anga, paja amati mkamwini asamakule mwendo.

Mayi anu, Felisita, ndizimutchula dzina chifukwa ndi mwana wanga ine, inu musayerekeze, anabadwa ndi maso abwinobwino, akuluakulu ngati a Chisomoyu. Chikuku chinamugwira asanayambe sukulu. Thupi linapola koma maso sanabwerere. Amayi a m'mudzi anabwera kudzazonda, ndipo potuluka wina ananena chapansipansi kuti, "Apa ndiye munthu watha." Ankayesa sindikumva chifukwa ndinali kupala thabwa. Ndinamva. Ndinapala thabwa limenelo mpaka linatsala ngati chikhatho, ntchito yake osaonekanso.

Chaka chimene tinaponya voti ya zipani zambiri, boma linati sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula yoyamba. Ena anali ndi ndevu kale. Felisita naye anapita, atagwira diresi la mkulu wake. Ankaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Tsiku lina anabwerako n'kundifunsa kuti, "Ababa, aphunzitsi amangoti onani apa, onani apa. Apa ndi pati?" Asisitere ena a kumishoni ndiwo anatiuza kuti kuli sukulu yogonera komweko ya ana osaona. A Daitoni analola chifukwa anamva kuti kumakhala chakudya, ndipo ankati teremu imodzi yokha abwerako. Sanabwereko. Patchuthi ankafika ndi mapepala olimba odzaza timadontho totumphuka, ngati munthu wakhoma misomali yaing'ono kuchokera kuseri, zala zake n'kumathamanga pamenepo pakamwa pakutuluka nkhani. Ine ndinagwirapo ndi zala zangazi, zala zodziwa kusiyanitsa mlombwa ndi mbawa osayang'ana, koma ndinangomva tiziphuphu.

Anafika mpaka Fomu Folo, ndipo anakhoza. Kusukuluko anaphunzirakonso kompyuta. Ndiye anabwerera kumudzi, n'kukhala. Apa ndiye mumvetsetse, ana inu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Masiku amenewo munthu wosaona analibe chinsinsi. Iwe Tadala ukamalemberana ndi anzako umabisa foni m'khwapa ngati waba dzira. Mayi ako chilichonse chopita kwa anthu openya ankayenera kupeza womulembera, chilichonse chobwera ankayenera kupeza womuwerengera. Atafuna kufunsira malo a uphunzitsi, amene anamulembera kalata anali mwana wa a Daitoni. Envelopu isanafike kupositi, a Daitoni anali atafika kale pakhomo panga.

"Alamu, mwana wamkazi wosaona m'tauni? Mukufuna adzatibwerere m'bokosi?"

Mantha awo anali ndi muzu. Zinali zaka zija za maliro, pamene ine ndinkakhoma mabokosi ambiri kuposa zitseko, ndipo iwo anali ataika ana awo aakazi awiri amene anapita ku Limbe ali bwinobwino. Ndiye anapeza njira yawo yomusungira Felisita. Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina wamasiye, msinkhu wanga ine, mano otsala owerengeka, amene anati ali ndi chifundo, amutenga mwanayo ngakhale ndi wakhungu. Chifundo! Munthu akufuna womusinjira chimanga n'kumati chifundo. Anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike tikakolola. Felisita sanafunsidwe. Ine anangondidziwitsa, monga momwe umadziwitsira mlendo kuti mawa kuli msonkhano. Ndinawawidwa mtima koopsa, koma ndinangobwerera kubenchi langa.

Chimanga chitayamba kuuma, tsiku lina ndikupala thabwa pompano, Felisita anabwera ndi ndodo yake yoyera n'kuima pafupi, pamene phokoso la pulena limabisa mawu.

"Ababa, misomali yatsala yochuluka bwanji?"

"Ilipo yambiri, chitini chonse."

"Ayi, yatha. Mawa mukupita ku Boma kukagula ina, ndipo ine mukunditenga, ndikatenge mankhwala a m'maso kuchipatala."

Ndinaimitsa pulena. Ndiye anandifotokozera. Anamva pawailesi kuti bungwe lina likuitana achinyamata olumala kukaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, malo ogona ndi chakudya komweko. Kufunsira kwake kunali kwa pa intaneti pokha, ndipo tsiku lotseka linali mawa lakelo. "Pa kompyuta ndilemba ndekha, Ababa. Palibe wondilembera, palibe wokauza atsibweni. Akadzamva ndidzakhala nditapita." Ndinamufunsa ngati amayi ake akudziwa. Anati ayi, mtima wawo ndi wofewa, achimwene awo akangowayang'ana aulula.

M'mawa tinakwera njinga. Inu mumadandaula minibasi kuti ndi yothina, simunakwere kaliyala wa njinga yanga pa zitunda za ku Boma. Kale tinkayenda wapansi mpaka ku Limbe, chinangwa chootcha m'thumba, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ku Limbeko kukanakhala bwino, kulibe wotidziwa, koma tsiku lathunthu osaoneka m'mudzi anthu akanafunsa. Pa Boma malo okhala ndi intaneti amene ife tikanalowa anali amodzi, kasitolo ka a Chikopa, kojambulitsa mapepala, kokhala ndi makompyuta awiri kumbuyo. Vuto linali eni akewo. A Chikopa ankasewera bawo ndi a Daitoni Loweruka lililonse, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

Titalowa anayang'ana ine, osati Felisita. "Akufuna chiyani mwanayu, akalipentala? Ndimulembere?"

"Ndilemba ndekha, bambo," anatero Felisita. "Mungondisonyeza mpando."

Pakhosi pake anali atavala kachingwe. Ine ndinkayesa ndi kolona, koma anatulutsa kanthu kakang'ono ngati chala, kamene mumati fulashi, kamene aphunzitsi ake anamupatsa potsanzikana. Anapapasa pabokosi la kompyutalo, n'kukalowetsa. Ana inu! Bokosi linalankhula. Mawu a mzungu, opanda mpweya, othamanga ngati munthu akuthawa ngongole. Ndinadumpha, chipewa chinagwa pansi. Mayi wina amene anabwera kudzajambulitsa khadi la sikelo anachita chizindikiro cha mtanda n'kutuluka chafutambuyo. Ine ndinazungulira kuseri kwa tebulo kukaona ngati kuli munthu. Sekani, sekani, inu munabadwa zinthu zikulankhula kale.

"Ndi amene amandiwerengera, Ababa," anatero Felisita. "Ameneyu sakauza munthu."

Anavala timawaya m'makutu, mawu aja anati zii. Kenako anapapasa pansi pa galasi la kompyutalo n'kulizimitsa, mdima bii. A Chikopa anakuwa ali pakauntala kuti mwazimitsatu. Iye anati galasi alibe nalo ntchito. Ndiye zala zinayamba. Sindinaonepo zala zotere, ngati matalala padenga la malata. Munthu kulemba pagalasi lakuda, a Chikopa atasuzumira khosi lonse koma osaona kanthu! Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Ndapanga zitseko zambiri m'boma lino, koma tsiku limenelo ndinaona mwana wanga atadzitsekera chitseko chake koyamba, ndipo misozi inalengeza.

Analemba nthawi yaitali. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zokagula misomali ija kuti bodza lathu likhale ndi umboni. Mwadzidzidzi zala zinaima. Anadina, n'kumvetsera. Anadinanso. Nkhope inasintha.

"Ababa, bwerani pafupi. Ndamaliza zonse, kwatsala kutumiza. Koma pali kabokosi kakufuna ndilembe zimene zili pachithunzi, ndipo mawuwa akungoti chithunzi, chithunzi. Sakunena kuti pali chiyani."

"Ndiye titani?"

"Ndiyatsa galasi. Inu muime kumbuyo kwanga mutchinge. Muyang'ane ndinu nokha, chifukwa inu simuwerenga. Zimene ndalemba pamwambapo simuziona ngakhale mutaziyang'ana."

Mwamva zimenezo? Umbuli wanga umene unandichititsa manyazi kubanki ndi kutchalitchi, tsiku limenelo unalembedwa ntchito. Ndinatambasula jekete ngati nkhuku yofungatira anapiye, galasi linayaka. Pansi penipeni panali kachithunzi, ndipo m'menemo munali zilembo, koma zilembo zake! Zopindika, zotsamirana ngati anthu ochokera kumowa, wina n'kuzikhwatchanso ndi mzere pakati. Ine monga mmisiri, chinthu chopindika chimandipweteka m'maso. Ndinadziwiratu kuti apa pawonongeka.

"A Chikopa," ndinaitana osasuntha, "makina anuwa ndi akufa. Zilembo zapindika ngati thabwa la bulugama losauma. Tipatseni enawo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Sanafe amenewo, akalipentala. Eni ake a tsambalo amachita dala. Amafuna aone ngati amene akulembayo ndi munthu, osati makina. Munthu amatha kuwerenga zopindikazo, makina satha."

"Mwati aone ngati ndi chiyani?"

"Ngati ndi munthu."

"Nanga wosaona?"

"Aaa, zimenezo ndiye kaya."

Ana inu, mutu wanga unaima. Anthu ophunzira, a bungwe lothandiza olumala, kuitana olumala pawailesi kuti bwerani, ndiye pakhomo n'kuikapo mlonda wofunsa kuti ngati ndiwe munthu penya apa! Mwana wanga walemba Chizungu tsamba lonse mumdima, koma umunthu wake ukayesedwe ndi maso amene chikuku chinadya? Ndinamva mawu a mayi wodzazonda uja akubwerera m'makutu, apa ndiye munthu watha. Ndinkayesa mawu amenewo ndi a kumudzi, a anthu osadziwa. Sindinkadziwa kuti anakafika mpaka m'makina a azungu. Ndikanakhala ndi hamala pafupi sindikudziwa kuti a Chikopa akanatsala ndi makompyuta angati.

Felisita anandikoka jekete. "Ababa, mkwiyo pambuyo. Ndiuzeni mukuona chiyani."

"Choyamba chili ngati denga la nyumba, koma lagwera mbali imodzi. Chachiwiri chili ngati mbedza."

"Sindikuzidziwa, Ababa. Ine ndimadziwa madontho. Zilembo za openya sindinazionepo."

Taonani tsoka lake. Ine ndikuona maonekedwe koma maina sindiwadziwa, iye akudziwa maina koma maonekedwe sawadziwa. Anthu awiri, munthu wathunthu osakwana, malinga ndi makinawo. Kenako ndinayang'ana pansi n'kuona kuti mabatani amene ankadinawo ali ndi zilembo pamwamba. Ndinati basi, iyi ndi ntchito ya mmisiri, kufananiza chinthu ndi chinzake. Ndinasaka denga lija pamabatani, ndinalipeza, ndinadina. Mawu aja anamuuza dzina lake m'khutu, iye n'kugwedeza mutu. Mbedza ndinaipezanso. Mzere wokhwatcha uja ndinausakanso, chifukwa kwathu kuntchito chimene chajambulidwa papulani chimapangidwa, sumasiyako china. Ndinapeza batani la kamzere kopendekera, ndinadina ndi mtima wonse. Makina anakana. Ndipo pokana sanatibwezere chithunzi chomwecho kuti tikonze pamene talakwa, anabweretsa china chatsopano, chopindika kuposa choyamba.

Tinayesa, tinayesanso. Zina zinali zilembo zazing'ono, zimene pamabatani sizioneka n'komwe, ndipo ine sindinkadziwa kuti chilembo chimodzi chimakhala ndi nkhope ziwiri. China chinabwera ndi manambala, mtima unati myaa, ndinati awa ndiye abale anga a patepi. Koma seveni wake anali atagona chagada, kaya anali wani, makina anakananso. Thukuta linali kamukamu, jekete ndili chitambasulire, mikono ikuwawa. A Chikopa ankangoti, "Ndibwere ndikuthandizeni?" ife n'kumati ayi, zikomo. Kenako Felisita anamvetsera nthawi yaitali, n'kuchotsa kawaya kamodzi m'khutu.

"Akuti tikalakwitsanso atitsekera mpaka mawa."

Mawa lake kunali kutatsekedwa kale. Anaika manja pamiyendo. Sindidzaiwala nkhope imeneyo.

"Aitaneni a Chikopa, Ababa."

"Aona zonse, mwanawe."

"Ndikudziwa. Ndikapanda kutumiza, ndakwatiwa kutsidya. Ndikatumiza, atsibweni amva. Aitaneni."

Ndinatsitsa jekete. A Chikopa anabwera, anawerenga zopindika zija kamodzi n'kamodzi ngati akuwerenga mtengo wa sopo, anadina, zinapita. Kanthu kamene kanatikhetsa thukuta mpaka dzuwa kupendeka! Koma ine ndinali kuyang'ana maso awo, ndipo ndinawaona akukwera pamwamba pa galasi, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Panja ndinawagwira dzanja n'kuwapempha kuti, "Achimwene, zimene mwaonazi zithere pompano." Iwo anati, "Ine? Sindinaone kanthu ine." Tisanakhote n'komwe pamsika ndinacheuka, foni inali kale pakhutu. Kale mbiri inkayenda wapansi, ukapalasa njinga mwamphamvu unkatha kuipitirira. Chibwerereni mafoni anuwa, njinga inaluza.

Tinapeza a Daitoni atakhala pabenchi langa lino, pomwe wakhala iwe Yamikani. Agogo anu aakazi anali pakhonde, maso ofiira. Apa m'pamene ndinamva zimene zinali pagalasi lija, zimene ndinaziyang'ana masana onse osaziona. Panali funso lakuti chifukwa chiyani ukufuna malowa, ndipo Felisita anayankha mosabisa, kuti atsibweni ake akufuna kumukwatitsa kwa nkhalamba iye asakufuna.

"Alamu," anatero a Daitoni, mawu ali pansi, ndipo akatsitsa mawu m'pamene ankaopsa. "Mwatenga mwana wa mbumba yanga kukandinyoza kwa anthu a ku Lilongwe. Mphamvu zimenezi anakupatsani ndani? Misomali mwagulayo ili kuti?"

Misomali ndinali nditaiwala kugula. Zaka zonse zimene ndinakhala m'mudzi muno sindinawayankhepo mkuluyo, koma tsiku limenelo utuchi unachoka pakhosi. Ndinati, "Alamu, lero makina afunsa ngati mwana wangayu ndi munthu. Ndakwiya nawo makinawo njira yonse. Ndiye ndafika pakhomo, ndapeza kuti funso lomwelo tinayamba kulifunsa ndife, ndipo tinaliyankha tokha osamuuza."

"Musandiphunzitse za mwana wa mlongo wanga! Ndaika ana awiri ine. Ameneyu akakagwa m'ngalande ku Lilongweko adzakamutola ndani? Inu?"

Ndiye Felisita anagogoda ndodo yake pansi. "Atsibweni, mwamva kwa a Chikopa. Mwafunsa amayi, mwafunsa ababa. Ine ndili pano. Makutu ndili nawo, pakamwa ndili napo. Kutsidya sindikupita."

A Daitoni anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akumuona koyamba. Za chinkhoswe zinafera pomwepo, chifukwa bambo wachifundo uja atamva kuti dzina lake lakafika mu intaneti anachita mantha n'kubweza mawu. Koma mkwiyo wa mwini mbumba sungobwerera wopanda pogwera, ndipo pogwera pake ndinali ine. Ponyamuka anati, "Mtengo wa mangowu ndi wa mbumba. Benchi lanu lichoke."

Linachokadi. Ndinalikweza pangolo ndi zida zanga zonse, n'kukapempha khonde la sitolo ina kumsewu wa ku Nguludi. Ndinkagona komweko pamatabwa, kunyumba kwanga ndinkabwera Loweruka ngati mlendo, agogo anu n'kumanditumizira kalongonda m'kambale. Munthu wa imvi kumayamba moyo wa pakhonde! A Daitoni sanandipatsenso moni mpaka anamwalira. Bokosi lawo ndinakhoma ndine, la mlombwa, ndipo palibe mbali imene inapindika. Benchi linabwerera pansi pa mango pano maliro awo atatha.

Bungwe lija linamutenga Felisita ku Lilongwe kuja. Anaphunzira, kenako anayamba ntchito imene akugwira mpaka lero, imene iwe Tadala ukafunsidwa kusukulu umangoti amagwira za makompyuta. Ntchito ya mayi ako ndi kuyesa zitseko. Maofesi akamanga tsamba lawo la pa intaneti amamuitana, iye n'kulowa ndi makutu ake, n'kumawauza kuti apa pali chithunzi chopanda mawu, wosaona adutsa osadziwa kuti pali chiyani. Apa pali kanema wopanda zolemba pansi, wosamva atolapo chiyani? Apa kabatani n'kakang'ono, wa manja onjenjemera sakakhudza. Ena amamva, ena amati tilibe nthawi.

Tsiku lina, ndikadali pakhonde paja ku Nguludi, Felisita anatsika minibasi yekha, ndodo kutsogolo, chikwama kumsana. Anatulutsa kompyuta yopinda ngati buku, anaiika pabenchi pakati pa utuchi, n'kundiveka timawaya tija m'makutu.

"Yang'anani pagalasi, Ababa. Mukuona chiyani?"

Zilembo zopindika zija! Mikono inakumbukira jekete. Linali tsamba la bungwe lomwe lija.

"Tsopano dinani apa, pambali pake."

Anandigwira chala n'kuchiika pabatani. Mawu anayamba kulankhula m'khutu mwanga, pang'onopang'ono, osathamanga. Faifi. Thuu. Naini. Manambala anga a patepi! Ndinawasaka pamabatani, ndinadina limodzilimodzi, ndipo chinthu chija chinatseguka. Ine, wosainira chala, makina anandivomera kuti ndine munthu, popanda a Chikopa.

"Wapanga ndani zimenezi?"

"Ndinawauza ine. Wopanga ndi mnyamata wa muofesi mwawo."

Ndinamufunsa monga mmisiri amafunsira mnzake. Ndinati ntchito yotereyi inamutengera miyezi ingati, ndipo zipangizo zake anakaitanitsa kunja kapena?

"Miyezi? Anayamba titadya nkhomaliro, Ababa. Poweruka anali atamaliza."

Ndinavula timawaya tija. Ndinayang'ana khonde la eni limene ndinkagonapo, mphasa yanga itapindidwa pakona, kambale ka agogo anu kali pawindo.

"Ndiye kuti zinali zotheka nthawi yonseyi? Ngakhale tsiku lija?"

"Eya, Ababa. Sanatikanize dala. Anangoiwala kuti tiliko."

Ana inu, chikhala kuti anandiuza kuti ankatida, bwenzi nditamvetsa, chifukwa chidani ndachionapo. Koma kuiwala! Ntchito ya masana amodzi inamulanda mwana wanga chinsinsi chake choyamba, inandichotsa ine pakhomo panga, inatidanitsa ndi alamu anga mpaka kumanda. Ndinakhala pansi pautuchi pomwepo, ndipo ndinalira pamaso pa anthu odikira minibasi. Mpaka lero ndikaganiza ndimadabwabe ngati ndamva dzulo.

Ndiye iwe Tadala, pukuta m'masomo, sindinakumenye. Mawa pobwerera, foni ija ikayamba kulongolola m'minibasi anthu n'kumacheuka, usayang'ane pansi. Uwauze mayi ako akweze.